Si Mitengo Itatu Iliyonse Imakumana Nsonga

M'chaka cha 1979, katswiri wa makompyuta wa ku kampani ya IBM ku America, Glenford Myers, adatulutsa buku lotchedwa The Art of Software Testing, lophunzitsa kafufuzidwe ka zolakwika m'mapulogalamu a pakompyuta. M'malo moyamba ndi malangizo, bukulo lidayamba ndi mayeso. Myers adapempha wowerenga kuti aganizire kapulogalamu ka ntchito imodzi yokha. Munthu akakapatsa manambala atatu, iko kawatenge ngati kutalika kwa mbali zitatu za thirayango, kenako kanene ngati mbali zonse n'zofanana, ngati zofanana ndi ziwiri zokha, kapena ngati zonse n'zosiyana. Ntchito ya wowerenga idali kulemba manambala omwe angayesere kapulogalamuko kuti aone ngati kakuyankha zoona.

Akatha kulemba, wowerenga ankadzichonga yekha ndi mafunso 14. Myers adanena kuti akatswiri okhwima, anthu odyera ntchito yolemba mapulogalamu, ankapeza mamalikisi ozungulira 7.8 pa 14, kungodutsa theka pang'ono.

Ena mwa mafunsowo ankafuna kudziwa ngati woyesayo adakumbukira ziro, kapena nambala yotsika kupitirira ziro. Koma pakati pake padalinso mafunso okhudza manambala ooneka osalakwa, monga 1, 2 ndi 4, kapena 1, 2 ndi 3. Onsewa ndi manambala abwinobwino, onse ndi osiyana, ndipo pulogalamu yolembedwa mothamanga imangovomera kuti iyi ndi thirayango ya mbali zosiyana. Chonsecho thirayango yotero kulibe, ndipo palibe mmisiri angaipange.

Kuti munthu aone chifukwa chake safunika kompyuta ayi, mapesi atatu akwanira. Phesi la masentimita 40 aligoneke pansi, kumapeto kumodzi aimikeko la masentimita 10, kwinako la masentimita 20, ndiye aweramitse awiri aafupiwo kuti nsonga zawo zigundane. Adzaweramitsa, kuweramitsa, mpaka onse awiri agona pa lalitali lija, koma pakati patsalabe mpata wa masentimita 10. Akachotsa lalitalilo n'kuikapo la masentimita 30, nsonga zija zigundana ndithu, koma zigundana mapesiwo atagoneratu pa linzawo, ndipo chotuluka ndi mzere umodzi wopanda malo m'kati. Akatenga a 20, 30 ndi 40, aafupi aja akumana m'mwamba asadagone, thirayango yaima.

Lamulo lonse lagona pamenepo. Mbali ziwiri zilizonse zikaphatikizidwa ziyenera kuposa mbali yotsalayo, ndipo kuposa kwake kukhale kuposa kwenikweni, osati kungofanana. Palibe chifukwa choyesera katatu. Munthu apeze mbali yaitali kwambiri, aphatikize ziwiri zinazo, aone ngati zaiposa. Zikatero, kwinako kudzikonza kokha, pakuti mbali yaitaliyo ikawonjezeredwa china chilichonse siingachepere inzake yaifupi.

Lamuloli lili ndi nkhope yachiwiri yomwe ambiri amaiwala. Matabwa awiri, la mamita 3 ndi la mamita 4, akakhomedwa ndi msomali umodzi kumapeto amatseguka ndi kutsekeka ngati chitseko. Akatsekedwa kotheratu, nsonga zawo zimasiyana ndi mita imodzi. Akatsegulidwa mpaka kuwongoka, zimatalikirana mamita 7. Choncho thabwa lachitatu liyenera kupitirira mita imodzi koma lisafike mamita 7. Pakati pa malire awiriwa pali malo amodzi omwe womanga nyumba aliyense amawadziwa: mpata ukakwana mamita 5, kona ya pamsomali imakhala ya sikweya. N'chifukwa chake amisiri pokhoma zikhomo za fandeshoni amakoka tepi ya 3, 4 ndi 5, kapena masentimita 60, 80 ndi 100 malo akachepa. Mpata ukachepera 5 kona yafinyika, ukapitirira yayasama, ndipo ukafika 7 kona yatha.

Bulu ndi afilosofi

Yemwe adalemba lamuloli mwadongosolo ndi Euclid, mphunzitsi wa masamu wa mumzinda wa Alexandria ku Egypt, zaka pafupifupi 300 Yesu asadabadwe. M'gawo loyamba mwa magawo 13 a buku lake lotchedwa Elements, lamuloli ndi mfundo ya 20. Mfundo ya 22 ndiyo imasonyeza kajambulidwe ka thirayango munthu akapatsidwa mizere itatu, ndipo Euclid adaikirapo chenjezo lakuti mizereyo iyambe yakwaniritsa lamulo lija. Bukuli lidayenda mtunda. Lidamasuliridwa m'Chiarabu ku Baghdad m'nthawi ya mfumu Harun al-Rashid, lidalowa m'Chilatini m'zaka za m'ma 1100, ndipo lidasindikizidwa koyamba ku Venice mu 1482.

Si onse adachita nayo chidwi mfundo ya 20. Proclus, yemwe adakhala ndi moyo kuchokera mu 412 mpaka mu 485 ndipo ankatsogolera sukulu ya otsatira Plato ku Athens, adalemba kuti otsatira Epicurus ankainyoza mfundoyi. Iwo ankati n'chinthu chomwe ngakhale bulu amachidziwa. Msipu ukaikidwa pa kona imodzi, buluyo ali pa kona ina, iye amalunjika pomwe pali msipupo osazungulira mbali ziwiri. Nanga munthu wanzeru avutikirenji kutsimikiza chomwe nyama yachita yosaphunzitsidwa?

Otsutsawa sadaname. Pa bwalo lililonse la sukulu, pa chipatala, pa msika, pamapezeka kanjira kachidule kodula pakona pomwe omanga adafuna kuti anthu azizungulira, ndipo mapazi omwe adakapanga sadawerengepo Euclid. Koma yankho la Proclus ndilo lidapirira. Iye adati maso amaona kuti chinthu chili choncho, koma sanena chifukwa chake, ndipo ntchito ya maphunziro ndi kupeza chifukwacho. Adapereka chitsanzo cha moto: aliyense amamva kuti umatentha, koma kufotokoza momwe umatenthera ndi nkhani ina.

Umboni wa Euclid ndi waufupi moti ungalembedwe m'dothi ndi chala. Makona a thirayango akhale A, B ndi C, ndipo funso likhale lakuti kodi kuchoka pa B kukafika pa C modzera pa A n'kutalidi kuposa kulunjika. Euclid adatenga mzere wochoka pa B kufika pa A n'kuupitiriza mpaka pa malo atsopano, D, otalikirana ndi A monga momwe C watalikirana ndi A. Potero ulendo wokhota uja wawongoledwa, BD ndi BA kuphatikiza AC. Akalumikiza D ndi C pamatuluka thirayango ADC ya mbali ziwiri zofanana, ndipo iye adali atasonyeza kale kuti thirayango yotero imakhala ndi makona awiri ofanana, ya pa D ndi ya pa C. Koma mu thirayango yaikulu BDC, kona ya pa C ndi yotambalala kuposa pamenepo chifukwa yameza ndi kona ya thirayango yoyamba ija. Ndiye kuti ya pa C yaposa ya pa D. Mfundo ya 19 idali itatsimikiza kale kuti kona yaikulu imayang'anizana ndi mbali yaitali. Ya pa C yayang'anizana ndi BD, ya pa D yayang'anizana ndi BC, choncho BD yaposa BC.

Kajambulidwe ka mfundo ya 22 ndi komwe ophunzira a sekondale amachita ndi rula ndi kampasi mpaka lero: kujambula mbali imodzi, kuzunguliza kampasi kuchokera kumapeto onse awiri, n'kuika kona yachitatu pomwe mizere yozungulirayo yapingasana. Mphunzitsi akamapereka manambala otheka okhaokha, mwana amazolowera kuti mizereyo imakumana nthawi zonse. Ndi bwino tsiku lina kumupatsa 3, 4 ndi 9 osamuuza kanthu, aone yekha kampasi ikuzungulira mbali iyi ndi iyo popanda kugundana, kenako 2, 3 ndi 9, kenako 4, 5 ndi 9 pomwe mizereyo imangokhudzana pamwamba pa mzere woyamba. Mwana wodzionera zimenezi sadzafunanso kuloweza lamulo.

Pomwe denga limachitira zachilendo

Kutali ndi malire, lamuloli silivutitsa munthu. Palibe kalipentala angayese kufolera nyumba ya mamita 6 m'lifupi ndi mapaso a mamita 2. Zovuta zimabisala pafupi ndi malire, pomwe mbali ziwiri zangoposa yachitatu pang'ono chabe, ndipo apa mpofunika kukhalapo kanthawi.

Nyumba ya mamita 6 ija ikhale ndi mtanda wochoka khoma ili kufika linalo, ndi mapaso awiri ofanana okumana pamwamba, osawerengera gawo lotulukira kukhonde. Phaso lililonse likakhala mamita 3 ndendende, denga kulibe, onse agona pa mtanda. Likawonjezedwa sentimita imodzi yokha, nsonga ya denga imakwera masentimita pafupifupi 25. Likafika mamita 3.05 imakwera masentimita 55, ndipo pa mamita 3.1 yafika masentimita 78. Masentimita 10 a thabwa abala masentimita 78 a msinkhu. Koma kukwera kotere sikupitirira. Phaso la mamita 3.5 limapereka denga la mamita 1.8, ndipo kuwonjezeranso masentimita 10 pamenepo kumangokweza nsonga ndi masentimita 19. Denga la udzu, lomwe limafuna kupendekeka kwa madigiri 45 kuti mvula itsetsereke msanga isaoletse udzu, limafuna mapaso a mamita 4.24.

Manambala omwewa akawerengedwa chobwerera amachenjeza. Denga logona, monga ambiri amakondera pofuna kupulumutsa malata ndi matabwa, lili pafupi ndi malire, choncho kulakwitsa pang'ono podula kumaoneka kwambiri pamwamba. Thirasi imodzi ikasiyana ndi inzake ndi sentimita imodzi kapena ziwiri, msana wa denga umachita mafunde ndipo malata sagona bwino. Choopsa kwambiri n'chakuti denga logona limakankha makoma mwamphamvu kuposa denga lokwera. Pa denga la mapaso a mamita 3.05 lija, misomali ya pa mtanda ikalefuka, mapazi a mapaso n'kutalikirana ndi masentimita 4 okha, nsonga imatsika ndi masentimita 12. Mtanda wa pansi uja ambiri amauona ngati pokhomera siling'i basi, pomwe ndi mbali yachitatu ya thirayango, yomwe ikukoka mapazi awiriwo kuti asathawane. Mmisiri wolumikiza mtanda ndi misomali iwiri yokha pofuna kufulumira waika nyumba yonse pa misomali iwiriyo.

Kulimba kwa thirayango nako kumachokera kwa Euclid yemweyo, pa mfundo ya 8: mbali zitatu zikadziwika, makona onse adziwika, ndipo thirayangoyo siingasinthe maonekedwe popanda mbali ina kuthyoka kapena kutalika. Chinthu cha mbali zinayi sichili choncho. Geti la matabwa anayi limalendewera mpaka kukwekwereza pansi ngakhale palibe thabwa lathyoka, ndipo mankhwala ake ndi thabwa limodzi lopingasa.

Akatswiri a njanji amalimbana ndi nkhani yomweyi pa muyeso waukulu. Chitsulo chimatalika chikatenthedwa, ndipo kilomita imodzi ya njanji imawonjezera masentimita pafupifupi 36 kutentha kukakwera ndi madigiri 30. Pa kilomita yathunthu, masentimita 36 akuoneka ngati si kanthu. Koma njanjiyo itamangidwa zolimba kumapeto onse awiri n'kupindikira pakati ngati mapaso, nsonga yake ingakwere kupitirira mamita 13. Njanji yeniyeni siikwera m'mwamba chotero, imakhotera m'mbali, ndipo sitima imatha kugwa. Ndiye chifukwa chake njanji zakale zimakhala ndi timipata pa mfundo iliyonse, tomwe timachititsa mawilo kugogoda paulendo, pomwe zowotcherera zamakono amazikoka kaye asadazimange.

Makompyuta nawo amapunthwa pa malire omwewa ngakhale wolemba pulogalamu atakumbukira lamulo. M'zinenero zambiri zolembera mapulogalamu, kuphatikiza 0.1 ndi 0.2 kumapereka 0.30000000000000004, chifukwa makinawa sasunga manambala oterewa ndendende. Pulogalamu ikafunsidwa za 0.1, 0.2 ndi 0.3 imaona ngati ziwiri zaposa yachitatu, n'kuvomera thirayango yomwe kulibe. Kumtunda nako kuli msampha. Kompyuta ikamasunga nambala m'malo a mabiti 32, malire ake ndi 2,147,483,647. Ikapatsidwa mbali zitatu za 2,000,000,000 iliyonse, pophatikiza ziwiri nambala imasefukira n'kusanduka yotsika kupitirira ziro, ndipo thirayango yabwinobwino ya mbali zofanana imakanidwa. Odziwa ntchito amapewa zimenezi pochotsera m'malo mophatikiza. William Kahan wa pa yunivesite ya California ku Berkeley, yemwe adalandira mphoto ya Turing mu 1989, adalemba kalata yathunthu yofotokoza momwe makina amasokonezera kukula kwa mathirayango owonda ngati singano.

Njira yomwe Kahan ankaikonza ndi yakale, ya Heron wa ku Alexandria wa m'zaka 100 zoyambirira Yesu atabadwa, ndipo ndi yothandiza kwa aliyense wofuna kudziwa kukula kwa munda ali ndi tepi yokha. Munda wa makona atatu ukhale ndi mbali za mamita 130, 140 ndi 150. Pamodzi ndi 420, theka lake 210. Kuchotsa mbali iliyonse pa 210 kumapereka 80, 70 ndi 60. Kuchulukitsa 210, 80, 70 ndi 60 kumapereka 70,560,000, ndipo nambala yomwe ikadzichulukitsa yokha imabala imeneyi ndi 8,400. Mundawo ndi masikweya mita 8,400, maekala awiri ndi kachidutswa. Tsono wina akabwera ndi pepala lonena kuti malo ake a makona atatu ali ndi mbali zowongoka za mamita 40, 55 ndi 100, theka la zonse ndi 97.5, ndipo kuchotsapo 100 kumatsika kupitirira ziro. Masamu akana, ndipo akana chifukwa 40 ndi 55 sizifika 100. Wina adalakwitsa pokoka tepi kapena polemba. Pa milandu ya malire a minda, kuphatikiza kwa mphindi imodzi kotereku kungaonetse cholakwa anthu asadayambe kulozana zala.

Kuwerenga zotheka

Funso lina limabwera lokha: mwa manambala onse, otheka ndi angati? Timitengo ta machesi timayankha bwino. Titatu timapanga thirayango imodzi. Tinayi sitipanga iliyonse, pakuti 1, 1 ndi 2 ndi mzere wogona uja. Timitengo 7 timapanga awiri, 9 atatu, 11 anayi. Chodabwitsa n'chakuti kuwonjezera kamtengo kamodzi nthawi zina kumachepetsa. Timitengo 12 timapanga atatu okha: 4, 4, 4; 2, 5, 5; ndi 3, 4, 5 wa omanga uja. Pali kawerengedwe kachidule komwe Ross Honsberger wa ku Canada adakafalitsa mu 1985. Timitengo tikakhala togawika pawiri, nambala yake idzichulukitse yokha, igawidwe ndi 48, n'kutenga nambala yathunthu yoyandikira. Tikakhala tosagawika pawiri, ayambe awonjezera 3. Timitengo 100 timapereka mathirayango 208.

Mndandanda wa manambalawa umatchedwa ndi dzina la Alcuin wa ku York, yemwe adamwalira mu 804, mphunzitsi wa ku nyumba ya mfumu Charlemagne. M'kabuku ka mafunso onolera nzeru za achinyamata komwe kamadziwika ndi dzina lake muli nkhani ya bambo wosiyira ana ake atatu mabotolo 30, odzaza mafuta 10, a theka 10 ndi opanda kanthu 10. Mwana aliyense alandire mabotolo ofanana ndi mafuta ofanana. Poyamba nkhaniyi siikuoneka kuti ikukhudzana ndi thirayango. Koma mwana aliyense ayenera kupeza mabotolo 10 ndi mafuta okwana mabotolo 5, kotero palibe angatenge odzaza oposa 5, theka la onse. Njira zogawira odzazawo zilipo zisanu: 5, 5, 0; 5, 4, 1; 5, 3, 2; 4, 4, 2; ndi 4, 3, 3. Kuwonjezera 1 pa nambala iliyonse kumapereka mathirayango onse asanu omwe timitengo 13 tingapange. Mafunso awiriwa ndi amodzi, chifukwa lamulo la Euclid linganenedwenso motere: pasakhale mbali yofika theka la mbali zonse pamodzi.

Kanenedwe kameneka ndiko kamatsegula funso la ndodo yothyoka, lomwe lidafunsidwa pa mayeso a yunivesite ya Cambridge mu 1854 ndipo Émile Lemoine wa ku France adalilembanso m'zaka za m'ma 1870. Ndodo ikathyoledwa mwachisawawa pa malo awiri, mwayi woti zidutswa zitatuzo zipange thirayango ndi wotani? Ambiri amaganiza kuti ndi theka kapena kuposa. Yankho ndi kamodzi pa kanayi. Chidutswa cha kumanzere chimapitirira theka la ndodo pokhapokha malo onse awiri othyolera akagwera kumanja, ndipo mwayi wa zimenezo ndi theka la theka. Cha kumanja n'chimodzimodzi, cha pakati nachonso. Zidutswa ziwiri sizingapitirire theka nthawi imodzi, choncho magawo atatu mwa anayi apita ku kulephera, n'kutsala gawo limodzi.

Kathyoledwe kakasintha, yankho limasintha. Wothyola kamodzi n'kutenga chidutswa chachitali kuti athyolenso amapeza thirayango maulendo pafupifupi 39 pa 100. Wosankha chidutswa chothyolanso ndi maso otseka amapeza maulendo 19 okha. Ndipo ana a m'kalasi akapatsidwa mabango kuti athyole ndi manja, ambiri adzapeza thirayango, pakuti dzanja la munthu limakonda kugawa mofanana ngakhale mwini wake akuti akuthyola mwachisawawa.

Wofuna mitengo yambiri yomwe mwa iyo mulibe itatu yotheka amagwera pa manambala a Fibonacci wa ku Pisa, a m'buku lake la mu 1202: 1, 1, 2, 3, 5, 8, 13, 21, 34, 55, iliyonse yofanana ndendende ndi ziwiri za kumbuyo kwake zikaphatikizidwa. Onse akhala pa malire penipeni. Ndiye kuti pa mitengo 10 iliyonse ya masentimita athunthu, ngati mulibe wofika 55, itatu ina ipanga thirayango basi.

Lamulo likatuluka pa pepala

Mu 1906, Maurice Fréchet wa ku Paris adafunsa kuti kodi chinthu chiyenera kukhala ndi makhalidwe otani kuti chitchedwe mtunda, kaya ndi pakati pa midzi, pakati pa mizere yokhota kapena pakati pa zinthu zosaoneka ndi maso. Mwa makhalidwe ochepa omwe akatswiri adakhazikika nawo, lolemera kwambiri ndi la Euclid lija: kudzera kwina sikungafupikitse ulendo. Chomwe otsatira Epicurus ankati n'chosafunika umboni chidasanduka muyeso woyesera mitunda ina yonse.

Pa dziko lozungulirali lamuloli limagwirabe ntchito, bola mbali zikhale njira zachidule kwambiri pamwamba pa dziko, ndipo pamabwera malire ena akuti mbali zitatu pamodzi zisafike makilomita pafupifupi 40,000, mtunda wozungulira dziko lonse. Pa misewu limagwiranso ntchito ngati mtunda ukutanthauza njira yaifupi kwambiri. Wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe akafuna kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde amadziwa kuti wawonjezera mafuta poyerekeza ndi msewu wa Zalewa. Makampani ogawa katundu amadalira mfundo yomweyi. Mu 1976, Nicos Christofides adapeza njira yachangu yokonzera ulendo woyendera malo ambiri n'kubwerera, yokhala ndi lonjezo lakuti ulendowo sudzapitirira kamodzi ndi theka ka ulendo wabwino koposa. Lonjezolo laima pa lamulo la mbali zitatu, pakuti njirayo imalumpha malo omwe yafikako kale podziwa kuti kulumpha sikungatalikitse ulendo. Padapita zaka 44 osapezeka woiposa, mpaka mu 2020 pomwe Anna Karlin, Nathan Klein ndi Shayan Oveis Gharan a pa yunivesite ya Washington adaiposa ndi kagawo kochepetsetsa.

Mitengo ya maulendo siimvera lamuloli. Tikiti ya ndege yolunjika nthawi zina imadula kuposa yodzera mzinda wina, chifukwa mtengo umatsatira msika osati makilomita. Apa palibe chodabwitsa, ndalama si mtunda. Chodabwitsa chenicheni chidachokera kwa Hermann Minkowski, mphunzitsi wakale wa Albert Einstein ku Zürich, yemwe mu 1908 adasonyeza kuti malo ndi nthawi ziyenera kuyezedwa pamodzi, ndipo kuti pa muyeso umenewo pomwe lamulo la Pythagoras, lomwe limabala 3, 4 ndi 5 wa omanga uja, limaphatikiza pamafunika kuchotsera. Umboni wa Euclid udatsamira pa makhalidwe a makona ndi mbali za pa malo osalala. Makhalidwewo akasintha, chotsatira chake chimasinthanso, ndipo ndi okhawo odziwa pomwe lamulo latsamira amene adatha kuona kuti pano latembenuka.

Paul Langevin adafotokoza tanthauzo lake mu 1911 ndi nkhani ya munthu wopita kutali n'kubwerera, yomwe masiku ano imakambidwa ngati nkhani ya mapasa. Mmodzi atsale pansi pano. Winayo apite ku nyenyezi yomwe kuwala kwake kumatenga zaka 4 kufika kuno, pa liwiro la magawo 4 mwa 5 a liwiro la kuwala, lomwe ndi makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Kwa wotsalayo, kupita ndi zaka 5, kubwera zaka 5, zonse 10. Wotchi ya wapaulendo imawerenga zaka 3 popita ndi 3 pobwera, pakuti 5 kuchulukitsa 5 ndi 25, 4 kuchulukitsa 4 ndi 16, ndipo 25 kuchotsa 16 ndi 9, yomwe ndi 3 kuchulukitsa 3. Kunyamuka, kutembenuka ndi kukumananso ndiwo makona atatu, ndipo mbali zake ndi 3, 3 ndi 10. Njira yokhota ndiyo yaifupi, yowongoka ndiyo yaitali. Wapaulendoyo amapeza mnzake wakula kumuposa ndi zaka 4.

Mu October 1971, Joseph Hafele ndi Richard Keating adakweza mawotchi anayi a atomu pa ndege wamba zonyamula anthu n'kuzungulira nawo dziko kawiri, koyamba cholowera kum'mawa, kenako kumadzulo, ndipo adawayerekeza ndi mawotchi otsala ku US Naval Observatory ku Washington. Pa maulendo oterewa liwiro limachedwetsa wotchi pomwe kukwera m'mwamba kumaifulumizitsa, kotero zonse ziwiri zidalowa m'mawerengero. Kusiyanako kudayezedwa m'mananosekondi, ndipo nanosekondi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi. Mawotchi a ulendo wa kum'mawa adatsalira ndi mananosekondi 59, a kumadzulo adatsogola ndi 273. Masamu a Einstein adalosera kutsalira kwa pakati pa 17 ndi 63 pa ulendo woyamba, ndi kutsogola kwa pakati pa 254 ndi 296 pa wachiwiri.